Che Mataka Nyambi ndi Mudzi wa Mwembe

Ambiri a ife kuno ku Kasungu makolo athu anachokera ku Uyao, kwa Che Mataka Nyambi. Mfumuyi inamanga mudzi wa Mwembe, ku Niassa, motengera midzi ya kugombe la nyanja yamchere: nyumba za ngodya zinayi m'malo mwa zozungulira, ndi mitengo ya mango. Livingstone atafikako mu 1866 anapeza nyumba zosachepera 1,000. Tisabise, chuma chake chinachokera ku minyanga ndi akapolo. Komabe alendo achisilamu anapeza pofikira, ndipo Che Mataka atamwalira kumapeto kwa zaka za m'ma 1870, mafumu olowa m'malo mwao analandira Chisilamu.

Nanga ife, ndalama za fodya zikalowa, timanga chiyani? Tiyambe ndi madrasa ndi chitsime pambali pa mzikiti, ana athu akulire pomwepo.