Maximilian Nitze, dokotala amene analowetsa nyali m'cikhodzodzo

Ambiri a ife tinamvapo za wodwala amene anapita ku cipatala cacikulu atakodza magazi, madokotala n'kumuunika m'cikhodzodzo ndi kapaipi kokhala ndi nyali, kenako n'kucotsa cotupa popanda kumung'amba pamimba. Koma ndi ocepa amene amadziwa munthu amene anayambitsa njira imeneyi. Dzina lake ndi Maximilian Nitze, dokotala wa ku Germany.

Nitze anabadwira mumzinda wa Berlin pa 18 September 1848. Anaphunzira za udokotala ku Heidelberg, Würzburg ndi Leipzig, ndipo atatsiriza mu 1874 anapeza nchito pa cipatala ca mzinda wa Dresden. M'masiku amenewo dokotala sankatha kuona m'kati mwa cikhodzodzo ca munthu wamoyo. Ankalowetsa kacitsulo m'njira ya mkodzo n'kumafufuza ngati munthu wopapasa mumdima. Akaganiza kuti muli cotupa, ankang'amba pamimba, ndipo odwala ambiri ankafa ndi zilonda za opaleshoniyo. Ena anayesapo kuunika ndi kandulo kapena nyali ya mafuta yoyaka kunja kwa thupi, monga Philipp Bozzini mu 1806 ndi Antonin Desormeaux mu 1853, koma kuwalako kunali kocepa ndipo ankangoona kadontho kakang'ono.

Nitze anaganiza zinthu ziwiri. Coyamba, nyali iyenera kulowa m'cikhodzodzo mwenimwenimo, monga momwe timalowera ndi nyali m'nkhokwe m'malo moima nayo panja. Caciwiri, m'kapaipimo muyenera kukhala timagalasi tokuza malo amene diso likuona. Nkhani imati nzeru ya timagalasiyi inamubwerera tsiku lina pamene ankapukuta galasi la maikulosikopu: atalikwezera pawindo, anaona chalichi ca pafupi cikuoneka conse m'kagalasi kakang'onoko.

Pokhala kuti mutu umodzi susenza denga, iye anafuna amisiri. Ku Dresden anagwira nchito ndi Wilhelm Deicke, ndipo mu October 1877 anaonetsa cipangizo cake kwa madokotala anzake pa thupi la munthu wakufa. Kenako anapita ku Vienna kwa mmisiri wodziwika, Josef Leiter, ndipo mu March 1879 anaunika naco munthu wamoyo pamaso pa bungwe la madokotala a mumzindawo. Cipangizoco cimachedwa cystoscope. Nyali yake inali kawaya ka platinum kofiira ndi magetsi, kotentha kwambiri moti pankafunika madzi oyenda mozungulira kuti wodwala asapse. Cifukwa ca vuto limeneli madokotala ambiri anacikana.

Tisabise, Nitze sanali munthu wophweka kukhala naye. Anakangana ndi Leiter pa za mwini wake wa nzeruyo, ndipo ubwenzi wao unatha. Mu 1880 anabwerera ku Berlin kukatsegula kiliniki yake. Thandizo linacokera kutali: Thomas Edison wa ku America anali atapanga babu la magetsi, ndipo pofika 1887 timababu tating'ono tinalowa m'malo mwa kawaya kotentha kaja. Apa mpamene cipangizoco cinayamba kufala. Mu 1889 Nitze anatulutsa buku lophunzitsa kaunikidweka, ndipo mu 1894 lina la zithunzi za m'kati mwa cikhodzodzo.

Sanalekere pa kuona cabe. M'zaka za m'ma 1890 anawonjezera kawaya kopindika ngati khwekhwe, kamene kankakola cotupa n'kucidula, ndi kacitsulo kotentha kootca pamene padulidwapo kuti magazi aleke. Mwa njira imeneyi anacotsa zotupa kwa odwala pafupifupi 150, ndipo mwa onsewo anamwalira mmodzi yekha. Mu 1900 anapatsidwa udindo wa pulofesa ku Berlin. Anamwalira mu February 1906 ndi matenda a sitiroko, ali ndi zaka 57.

Ena anapitiriza pamene iye analekera. Mu 1910 Edwin Beer wa ku New York anayamba kuotca zotupa ndi mphamvu ya magetsi kudzera m'kapaipi komweko. Masiku ano dokotala amaona zonse pa sikirini, amapala cotupa pang'onopang'ono, ndipo nyama yocotsedwayo amaitumiza kukapimidwa kuti adziwe ngati ndi khansa komanso ngati yalowerera m'kati mwa khoma la cikhodzodzo. Zotupa zotere zimakonda kuphukanso, n'cifukwa cake wodwala amauzidwa kubwerera kukaunikidwa nthawi ndi nthawi, ngakhale akumva bwino.

Nkhaniyi ikutikhudza ife alimi. Fodya wosuta ndiye gwero lalikulu la khansa ya cikhodzodzo, ndipo kuno kwathu likodzo losacizidwa, limene timatenga m'madambo ndi m'madamu, limaibweretsanso pakapita zaka. Mwana wokodza magazi si kuti wakula ai, akudwala, ndipo mankhwala a praziquantel amaciza likodzo. Wamkulu akaona magazi mumkodzo, ngakhale kamodzi kokha ndiponso popanda kumva kupweteka, asadikire kukolola. Apite ku kiliniki, ndipo akamutumiza ku cipatala cacikulu asacite manyazi. Cotupa cikapezeka cisanazike mizu, kapaipi ka Nitze kamakwanira kucicotsa.