Augustino Woyera, Mphunzitsi wa Eklezia

Augustino anabadwa m'chaka cha 354 ku Thagaste, m'dziko limene lero litchedwa Algeria. Pa unyamata wake anatsata ulemu ndi zokoma za pansi pano, kufikira Mulungu anamva mapemphero a amai ake, Monica Woyera, nabatizidwa ku Milan mu 387.

Ali Episkopi wa Hippo anaphunzitsa kuti Mulungu analenga nthawi pamodzi ndi dziko. Dzulo lapita, mawa silinafike, lero lipulumuka m'manja, koma Mulungu sasinthika. Chifukwa chake chosatha ndicho chenicheni kuposa chooneka ndi maso.

Chiphunzitsochi chinayesedwa mu 430. Adani atazinga Hippo, iye sanasiye nkhosa zake, namwalira momwemo pa 28 August. Pambuyo pake mzindawo unagwa; Mulungu amene Augustino anamkhulupirira ali chikhalire.