Judah Maccabee: Nyundo yomwe idatsegulanso kachisi

Chaka chilichonse, chakumapeto kwa November kapena mu December, mabanja a Chiyuda amayatsa makandulo pawindo kwa masiku 8. Chikondwererochi chimatchedwa Hanukkah, ndipo gwero lake ndi mwana wa wansembe wina wakumudzi, Judah Maccabee.

Judah adali mmodzi mwa ana aamuna asanu a Mattathias wa m'mudzi wa Modiin. Nthawiyo dziko la Ayuda lidali m'manja mwa Antiochus IV, mfumu yachigiriki ya ku Syria.

M'chaka cha 167 Yesu asadabadwe, mfumuyi idaletsa mdulidwe ndi kusunga Sabata, ndipo m'kachisi wa ku Jerusalem idaimikamo guwa la mulungu wachilendo. Wokakamira chipembedzo cha makolo amaphedwa.

Mattathias adakana kupereka nsembe yachikunja. Adapha nthumwi ya mfumu n'kuthawira kumapiri ndi ana ake. Mkuluyu atamwalira mu 166, utsogoleri udagwera Judah, yemwe dzina lake loti Maccabee ambiri amati limatanthauza nyundo.

Asilikali ake adali ochepa, koma mapiri amawadziwa bwino. Amabisalira adani m'mipata, ndipo adawagonjetsa ku Beth Horon komanso ku Emmaus.

Mu 164 adafika kukachisi n'kupeza bwalo litamera tchire, zipata zitapsa. Adagumula guwa lodetsedwa lija, n'kumanga lina. Pa 25 mwezi wa Kislev nsembe zidayambiranso, anthu n'kusangalala masiku 8. Mawu oti Hanukkah amatanthauza kupatula chinthu kuti chikhale cha Mulungu, ndipo mwambowu ukutchulidwanso pa Yohane 10:22.

Buku la Talmud, lomwe lidalembedwa patapita zaka mazana angapo, limafotokoza kuti m'kachisimo mudapezeka kamtsuko kamodzi kokha ka mafuta oyera, okwanira tsiku limodzi, koma nyale idayaka masiku 8. N'chifukwa chake Ayuda amaonjezera kandulo mmodzi usiku uliwonse, komanso amadya zokazinga m'mafuta monga madonasi ndi zitumbuwa za mbatatesi.

Judah sadauone ufulu wa dziko lake. Mu 160, asilikali ake ambiri atamuthawa, adakana kubwerera m'mbuyo ndipo adafera kunkhondo ku Elasa. Abale ake adakamuika kwawo ku Modiin. Ufuluwo udadza patatha zaka pafupifupi 20, mbale wake Simon akutsogolera.

Kachisi uja adagwetsedwa ndi Aroma m'chaka cha 70 Yesu atabadwa. Koma chikondwerero chomwe Judah adakhazikitsa chidakalipo, ndipo nyale zake tsopano zimayaka m'makomo mwa anthu.