William Shakespeare: mlembi yemwe ankaona nyerere m'kati mwa mkuyu

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mwambi umenewu, womwe akuluakulu a m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi amalangira nawo ana, ndiwo msana wa masewero achisoni a William Shakespeare, mlembi wa ku England yemwe ophunzira a m'sukulu monga Robert Blake ku Kongwe amakumana naye akafika kusekondale.

Shakespeare adabatizidwa pa 26 Epulo 1564 m'tauni ya Stratford-upon-Avon. Bambo ake, a John Shakespeare, ankasoka magolovesi azikopa, ndipo mu 1568 adasankhidwa kukhala mkulu wa tauniyo. Ulemuwo sudakhalitse. Ngongole zidawapanikiza mpaka mu 1592 dzina lawo lidalembedwa pagulu la anthu omwe ankajomba kutchalitchi poopa kugwidwa ndi owakongoza. Motero William adaonera pakhomo pawo pomwe kuti dzina likhoza kumveka pamene thumba lili gwa.

Mu 1582, ali ndi zaka 18, adakwatira Anne Hathaway, ndipo adabereka ana atatu: Susanna ndi mapasa Hamnet ndi Judith. Hamnet adamwalira mu 1596 ali ndi zaka 11. Panthawiyo n'kuti Shakespeare ali ku London, komwe ankalemba ndi kuchita zisudzo m'gulu la Lord Chamberlain's Men. Gululi lidamanga bwalo la Globe mu 1599. Amayi sankaloledwa kusewera pabwalo, choncho mbali zawo ankatenga ndi anyamata ovala zachikazi. Ntchito yake ya tsiku ndi tsiku idali yoonetsa anthu chinthu chomwe sichili chomwecho.

Masewero ake anayi otchuka achisoni adawalemba pakati pa 1600 ndi 1606. Mu Hamlet, mfumu Claudius amamwetulira pampando womwe adaupeza popha mbale wake ndi poizoni, ndipo Hamlet amadzipengetsa dala kuti amuulule. Mu Othello, kazembe wankhondo amakhulupirira Iago, yemwe aliyense amamuyesa woona mtima, mpaka kupha mkazi wake Desdemona chifukwa cha kampango chabe. Mu King Lear, mfumu yokalamba imagawira dziko ana ake awiri a pakamwa pozuna, n'kuthamangitsa Cordelia yemwe ankaikonda zenizeni.

Macbeth adalembedwa patangodutsa chiwembu cha mu 1605, pomwe anthu ena adabisa migolo ya onga pansi pa nyumba ya malamulo kuti aphe mfumu James. M'seweroli Macbeth amalandira mfumu Duncan ngati mlendo wolemekezeka, n'kuipha usiku ili m'tulo, kenaka naye amanyengeka ndi mawu okoma a mfiti.

Shakespeare adamwalira pa 23 Epulo 1616 ali ndi zaka 52. Mu 1623 anzake awiri, John Heminges ndi Henry Condell, adasonkhanitsa masewero ake 36 m'buku limodzi. Pakadapanda iwo, Macbeth akadatayika, poti adali asadasindikizidwepo.

Chopweteka m'masewerowa n'chakuti Othello, Lear ndi Macbeth sadamangidwe maso ndi munthu. Aliyense adasankha yekha kumvera mawu omwe mtima wake unkafuna kumva, ndipo omwe adalipira poyamba adali osalakwa. Wovota amene akumvetsera malonjezo pamsonkhano, kholo limene likugawa munda, ndi mwamuna amene wamva mphekesera za mkazi wake, onse aima pomwe adaima atatuwa, mkuyu uli m'manja, asadaung'ambe.