Gwendoline Konie (1938-2009)

Mukakwera minibasi ku Chainda kupita m'tauni, mumadutsa pa University of Zambia m'mbali mwa mseu wa Great East. Ana amene mudzawaphunzitsa amaiona yunivesitiyi ngati cinthu cimene cinalipo kuyambira kalekale. Auzeni kuti inatsegulidwa mu 1966, pamene Mai Gwendoline Konie, amene anabadwira mu Lusaka momwemo pa 9 October 1938, anali kale ndi zaka 27.

Pa ubwana wao, njira ya mwana wamkazi wofuna maphunziro inali yopapatiza kwambiri. Anyamata anali ndi sekondale ya Munali kuyambira mu 1939, koma atsikana anadikira mpaka mu 1946 pamene makalasi a sekondale anayamba ku Chipembi. Ndalama zikacepa pakhomo, makolo ambiri anali kulipirira mnyamata, poganiza kuti mtsikana adzakwatiwa ndipo nzeru zake zidzapindulira banja lina. Mtsikana wopulumuka pa zonsezi anali kupeza kuti dziko lake lilibe yunivesiti, kotero kuti anayenera kusiya abale ndi kupita kunja. Pofika pa ufulu mu 1964, nzika zokhala ndi digiri zinali pafupifupi 100 cabe, ndipo akazi mwa izo anali owerengeka.

Mai Konie anaoloka nyanja. Anaphunzira ku Cardiff m'dziko la Wales ndi ku American University mu Washington, ndipo pambuyo pake analandira digiri ya udokotala pa maphunziro a cikhalidwe ca anthu ku Warwick, ku England.

Ufulu usanabwere, bwanamkubwa Sir Evelyn Hone anawasankha kuti alowe m'nyumba ya malamulo ya Northern Rhodesia. Mpando wopatsidwa ndi atsamunda unali wokaikitsa masiku amenewo, ndipo iwo sanauvomere asanakambirane ndi a Kenneth Kaunda. Mu 1974 anakhala kazembe wa Zambia ku Sweden, Denmark, Norway ndi Finland, ndipo mu 1977 anapita kukaimira dziko ku United Nations. Anatumikiranso monga mlembi wamkulu mu unduna wa zokopa alendo, ndiponso monga kazembe ku Germany. Analinso mlakatuli.

Ambiri amawakumbukira cifukwa ca cisankho ca 2001, pamene anapikisana pa mpando wa pulezidenti ndi cipani cao ca Social Democratic Party. Mwa opikisana 11, akazi anali awiri okha, iwo ndi Mai Inonge Mbikusita-Lewanika. Mavoti ao anali ocepa, ndipo a Levy Mwanawasa ndiwo anapambana. Pophunzitsa mbiriyi musafulumire kufika pa cisankhoco. Yambani mwafunsa ana kuti mtsikana wa mu 1950 akanakhoza Standard 6 akanapita kuti, ndipo ndani akanamulipirira.

Mai Konie anamwalira mu Lusaka pa 14 March 2009, ali ndi zaka 70, ndipo boma linawaika m'manda mwaulemu wa dziko.