JENNY LIND, WOIMBA AMENE ANABVOMERA KUKHALA CETE

Jenny Lind anabadwira mu mzinda wa Stockholm, m'dziko la Sweden, pa 6 Okutobala 1820. Makolo ace sanali pa ukwati pamene iye anabadwa, ndipo zaka zace zoyamba analeredwa ndi anthu ena kumudzi. Ali ndi zaka 9, wanchito wa mai wina wobvina anamumva alikuimba, nakauza mbuye wace. Motero mwanayo analandiridwa pa sukulu ya nyumba ya masewero ya Mfumu.

Mau ace anali aja okwera a akazi, amene m'kwaya amachedwa soprano. Nchito yace inali ya opera, ndiwo masewero amene nkhani yonse imanenedwa ndi nyimbo. M'caka ca 1838 anaimba mbali ya Agathe mu sewero la Der Freischütz, ndipo anthu a ku Stockholm anamkonda koposa. Koma anamuimbitsa kawirikawiri asanaphunzire bwino kasungidwe ka mpweya ndi ka m'mero, kotero kuti pofika zaka 20 mau aja anayamba kusasa.

Mu 1841 anapita ku Paris kwa mphunzitsi wodziwika, Manuel García. Iyeyo atamva mau otopawo anamlamula kuti aleke kuimba konse kwa masabata ambiri, ndi kuti ngakhale kulankhula acepetse. Mtsikana amene kwao anali kumuombera m'manja anabvomera. Anakhala cete m'dziko lacilendo, osadziwa ngati mau adzabweranso. Pambuyo pace anayambanso pa ciyambi peni-peni, kuphunzira kupuma ndi kukweza mau pang'ono pang'ono ngati mwana woyamba sukulu. Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Mau anabwera, okoma ndi olimba kuposa kale.

Kuyambira pamenepo mbiri yace inawanda. Anaimba ku Berlin mu 1844, ndi ku London mu 1847 pamaso pa Mfumukazi Victoria. Caka comweco Giuseppe Verdi anampatsa mbali ya Amalia mu sewero lace latsopano, I masnadieri. Komabe mu 1849, asanakwane zaka 30, anasiya masewero a opera, natsala ndi kuimba pa misonkhano ya nyimbo yokha.

Mu 1850 anaoloka nyanja kunka ku America, kumene anaimba nthawi 93 pa pangano lace ndi P. T. Barnum. Cuma cambiri cimene anapata anacigawira osauka, odwala ndi masukulu. Ku Norwich, ku England, ndalama za nyimbo zace zinayambitsa cipatala ca ana cochedwa ndi dzina lace.

Mu 1852 anakwatiwa ndi Otto Goldschmidt, woimba piyano, nabala naye ana atatu. Pambuyo pace anakhazikika ku England. Atakalamba anaphunzitsa kuimba pa Royal College of Music ku London, akumapereka kwa atsikana nzeru zija anazilandira pa nthawi ya mabvuto ace. Anamwalira pa 2 Novembala 1887 pafupi ndi Malvern, ali ndi zaka 67.

Makina osunga mau anali asanafalikire, ndipo lero palibe amene angamve kuimba kwace. Koma ku Norwich ana odwala akulandirabe mankhwala pa cipatala ca dzina lace.