Mayi Marie Curie, Mphunzitsi wa Aphunzitsi

Mayi Marie Curie adabadwira ku Warsaw, m'dziko la Poland, m'chaka cha 1867. Makolo awo adali aphunzitsi. Popeza sukulu yaukachenjede ya kwawoko sinkalandira akazi, iwo adapita kukaphunzira ku Paris mu 1891. Kumeneko adakwatiŵa ndi Bambo Pierre Curie, ndipo mu 1898 aŵiriwo adatulukira radium, chitsulo chotulutsa mphamvu yosaoneka ndi maso.

Posakhalitsa kudadziŵika kuti mphamvuyo imatentha khungu. Madokotala adazindikira kuti ikhozanso kupha mnofu wodwala. Motero adayamba kuika radium pa zotupa za pakhungu. Pambuyo pake ankaitsekera m'timasingano nkutibaya m'kati mwa chotupa, monga cha khansa ya lilime. Mphamvuyo imachepa msanga ikamatalikira gwero lake, choncho imaononga chotupacho koposa mnofu wozungulira. Njirayi ikalipobe, ngakhale masiku ano iridium ndiyo idaloŵa m'malo mwa radium.

Kuyambira mu 1900, mayiwa ankaphunzitsa pa sukulu ya aphunzitsi aakazi ku Sèvres. Sadakhutire ndi choko ndi bolodi. Ankafuna kuti ophunzira agwire zipangizo, ayese okha, nadzionere okha zotsatira. Adalandira mphoto ya Nobel kaŵiri, mu 1903 ndi 1911. Adamwalira mu 1934 ndi nthenda ya magazi, imene ambiri amakhulupirira kuti idadza ndi mphamvu yomweyo.

Inu aphunzitsi a maŵa, musadikire zipangizo zamtengo wapatali. Mchenga, madzi ndi nkhono za kunyanja kuno nzokwanira kuyambira. Mwana agwire, ayese, afunse.